M4 kapena M7: nkhani yagona pa zipolopolo 70

Chiyambireni pamene asilikali a America a gulu la 101st Airborne ku Fort Campbell analandira mfuti zatsopano za M7 m'malo mwa M4 mu Malichi 2024, simunandipumitse ndi mafunso, makamaka inu abale amene muli ku usilikali wa Britain ndi mfuti yanuyo ya SA80. Aliyense akufuna kudziwa ngati M7 ikuposadi M4. Ine M4 ndinainyamula zaka zambiri kuno ku America, ndipo M7 ndinaigwirako n'kuiwombako. Ndinene poyera kuti mtima wanga udakali ku mfuti yakale.

Pa mphamvu palibe zolimbana. Chipolopolo cha M7, cha 6.8x51mm, chimapita kutali ndipo chimafika chili ndi ukali woposa cha 5.56mm. Akuluakulu sanachisankhe chifukwa chosowa chochita. Ku Afghanistan anyamata ankaomberedwa kuchokera kuphiri la kutsidya ndi mfuti ya chiwaya ya PKM, iwo n'kumabweza ndi mfuti zimene zipolopolo zake zimafika zitatopa. Mu 2017 General Mark Milley, amene panthawiyo anali mkulu wa asilikali a pamtunda a America, anauza aphungu a Senate kuti pali zovala zotchinga zipolopolo zimene 5.56 ikulephera kuboola. Ndiye mu Epulo 2022 ntchito yopanga M7 inapatsidwa kwa kampani ya SIG Sauer.

Galasi loonera la XM157, limene limabwera ndi M7, nalo ndi labwino: limayeza mtunda n'kukuonetsa poti uloze. Koma galasi silinakwatirane ndi mfuti imodzi, likhoza kumangidwa pa mfuti ina.

Tsopano pamene pamandiwawa. Msilikali wa M4 amanyamuka ndi magazini 7, iliyonse ya zipolopolo 30, zonse pamodzi 210. Wa M7 amanyamukanso ndi magazini 7, koma iliyonse ya zipolopolo 20. Ndi 140 basi. Zipolopolo 70 zapita, ndipo katunduyo sanapepuke ayi, walemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Mfuti yeniyeniyo, yopanda kanthu, ndi makilogalamu 3.8, pamene M4 ili pafupi ndi 3. Mukaikapo chochepetsa phokoso chija kutsogolo yafika pafupifupi 4.5, galasi tisanaliwerengere. Kulemerako kumakhala kutsogolo, moti ukaloza pakona ya nyumba kwa mphindi zingapo, dzanja lamanzere limayamba kunjenjemera.

Amene sanagonepo chafufumimba m'fumbi akuomba amaganiza kuti chipolopolo chilichonse chimapita pa munthu. Sizili choncho. Zambiri timaomba kuti mdani asadzutse mutu pamene anzathu akuthamanga kukamuzungulira. Pa ntchito imeneyo chofunika ndi kuchuluka, chifukwa mdani amene wabisala kuseri kwa khoma saŵerenga kukula kwa chipolopolo chimene chikumudutsa pamutu.

Ndimakumbukira tsiku lina pa maphunziro oombera zipolopolo zenizeni. Gulu lathu linali lophimba anzathu amene ankakwera kaphiri, koma iwo anachedwa m'chigwa chifukwa cha matope. Tinaomba, tinaombanso. Nditapapasa pachifuwa ndinangopeza matumba ofota, magazini imodzi yokha ili m'mfuti, zinazo zili mbwee pansi pambali pa chigongono changa. Sajeni wathu ankakwawa kumbuyo kwathu akufunsa aliyense zimene zatsala, ndipo mayankho ake anali omvetsa chisoni. Tsiku limenelo tinali ndi 210 aliyense. Ndikaganiza kuti tikanakhala ndi 140, anzathu aja akanatulukira pamtetete ife titakhala kale chete. Komanso kusintha magazini pakatha zipolopolo 20 zilizonse kumatanthauza kuti mfuti imakhala duu kawirikawiri, nthawi imene mnzako akudalira phokoso lako kuti adzuke athamange.

Ena amati poti chipolopolo n'champhamvu ndipo galasi n'lanzeru, msilikali aziomba zochepa koma zolunjika. Pabwalo la maphunziro, chandamale chitaima poyera, n'zoona. Koma taonani nkhondo ya ku Ukraine: anthu akumenyana m'maenje ndi m'mabwinja a nyumba, mdani ali pafupi moti mawu ake ukuwamva. Pamenepo umafuna mfuti yopepuka, yotembenuka msanga, yosatha zipolopolo msanga.

Palinso mtengo wina umene anthu satchula. Chipolopolo cha 5.56 n'cha mayiko onse a NATO kuyambira 1980. Inu a SA80 ndi ife a M4 tinkatha kugaŵana bokosi limodzi. Lero wa M7 zikamuthera pafupi ndi msilikali wa Britain, sangathandizike. Ngakhale m'gulu lake lomwe, oyendetsa magalimoto ndi ena a kumbuyo akadali ndi M4, chifukwa M7 ikupita kwa omenya nkhondo kutsogolo okha. Ndiye galimoto yobweretsa katundu iyenera kunyamula mitundu iwiri, ndipo wopakira asalakwitse.

Njira imeneyi America inaidutsapo kale. M14 ya 7.62mm, nayo ya magazini ya zipolopolo 20, inavomerezedwa mu 1957, koma nkhalango za ku Vietnam zinachititsa kuti m'zaka zochepa ilowedwe m'malo ndi M16 yopepuka, kholo la M4 yomweyi.

Pamene ndikugonja ndi pa mfuti ya chiwaya. M250 ya chipolopolo cha 6.8, imene ikulowa m'malo mwa M249, ndi yopepuka ndi makilogalamu pafupifupi awiri ndipo imafika kutali. Imeneyo ndikanailandira ndi manja awiri. Chipolopolo cha 6.8 chikanapita kumeneko ndi kwa katswiri mmodzi kapena awiri oombera patali m'gulu lililonse, ena onse n'kusiyidwa ndi M4 yawo. Asilikali a America a gulu la Marines mpaka pano akugwiritsabe mfuti ya M27 ya 5.56, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi. Mukandiika pamzere mawa m'mawa, mfuti ziwirizi zili patebulo, nditola M4 ndi magazini ake 7 a zipolopolo 30.