Nyenyezi zitatu: anaika Windows 11, File Explorer n'kumangozima

Laputopu yanga inapita ku shopu yokonza makompyuta iyi kuti aikemo Windows 11, poti a Microsoft anasiya kuithandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Mtengo ndi womwe uja amalipiritsa aliyense, makinawo ali ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna), ndipo kuikako kunayenda bwino. Vuto linaonekera kunyumba: ukapanga right click pa fayilo n'kusankha Show more options, File Explorer (pulogalamu yotsegulira mafoda) inkazima, taskbar n'kusowa kwa kanthawi, kenako mafoda onse otsegula n'kutsekeka.

Chomwe chinandikwiyitsa ndi mnyamata wa pa kauntala. Nditabwerera nayo ku shopu, asanaiyatse n'komwe, anati ndi virus, tiifomate, mulipirenso. Kufomata chifukwa cha menyu! Choipitsitsa, anali atafufuta kale foda ya Windows.old ndi Disk Cleanup osandifunsa. Foda imeneyi imasunga Windows yakale, ndipo ndi imene imapangitsa kuti batani la Go back, mu Settings, System, Recovery, ligwire ntchito masiku 10 oyambirira. Ikachoka, njira yobwerera ku Windows 10 mosavuta yatha. Iyeyo anangoti amafuna kundipezera malo pa disiki.

Bambo wachikulire amene amakhala kuchipinda cha mkati ndi amene anapulumutsa dzina la shopuyi. Anatsegula Event Viewer (momwe Windows imalembamo zolakwika), Windows Logs, Application, n'kupeza cholakwika cha Event ID 1000 pa explorer.exe. Pamzere wa Faulting module name panali DLL, kutanthauza chidutswa, cha pulogalamu yakale yopanikizira mafayilo a zip. Mapulogalamu otere amadzilowetsa mu menyu ya right click, ndipo chidutswa chawocho chimayenda mkati mwa Explorer mwenimweni, choncho chikagwa chimagwetsa zonse. Kuti atsimikize, anayatsa ShellExView, pulogalamu yoonetsa zidutswa zoterezi, anabisa za Microsoft, anazimitsa chidutswa chokhacho, n'kuyambitsanso Explorer mu Task Manager. Menyu inatseguka bwinobwino. Atatero anachotsa pulogalamuyo n'kuika yatsopano yake.

Anathamangitsanso malamulo awiri okonzera mafayilo a Windows: DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, kenako sfc /scannow, m'dongosolo limenelo, chifukwa sfc imatenga mafayilo abwino pamalo amene DISM yakonza. DISM imafuna intaneti, ndipo anagwiritsa ntchito yawo, osati bando yanga. Anafufutanso mbiri ya File Explorer mu Folder Options, poti njira zakale zolozera ku drive ya netiweki imene kulibenso zimachedwetsa kutsegula mafoda. Palibe fayilo inatayika, ndipo sanandilipiritsenso.

Ndidzapitanso, koma ndidzapempha bambowo. Mukamapereka yanu, auzeni pa kauntala pomwepo kuti Windows.old asaikhudze mpaka mutaiyesa nokha kwa sabata.