Autoclave ya malita 18: makina alibe mlandu, koma wogulitsa uja ayi

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Ziwiri zosowazo ndachotsera bambo amene anatigulitsa makinawa pa loja ina ku Tete.

Autoclave iyi, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi, tinaigulira kachipatala kathu ka mano kuno ku Ulongwe, mtengo wake si wamasewera. Masabata atatu oyamba zonse zinali bwino. Ndiye tsiku lina m'mawa, benchi itadzaza, ndinalongamo zozulira mano, kutseka, kuyatsa. Singano isanafike n'komwe pa madigiri 121, nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa chitseko, fyuuu, chipinda chonse tolotolo ngati pophikira nsima ya pamaliro. Nditatulutsa mapaketi, tepi yosonyeza ngati zida zapsa inali yoyera mbee, mizere yakuda osaoneka. Ndiye kuti zida sizinapse. Ndikanalowetsa bwanji zimenezo m'kamwa mwa munthu? Ndinabweza anthu 7, agogo ena atachita kunyamulidwa pa njinga kuchokera ku Domue, tsaya litatupa. Manyazi ake sindidzaiwala.

Kuwaimbira bambo aja, akuti, "Mayi, munathira madzi a pa mjigo, garantia yathera pomwepo." Nanga tsiku lija mumawerenga mameticais athu munatchulapo za madzi? Kabuku kake mulibe ngakhale mzere umodzi wa Chipwitikizi. Foni anandidulira kawiri.

Komabe ndisaname, mnyamata amene anamutuma pa chapa (minibasi) patatha masiku anayi anali munthu wina. Anamasula makinawo, n'kundionetsa zoyera ngati choko zitakangamira pa chotenthetsera madzi ndi pa labala wa chitseko. Apo ndinangoti chete, madzi athu analidi ndi mbali yawo. Anasintha labala, kutsuka thanki, kenako anandikhazika pansi: "Amayi, muzithira madzi otcheza okha, aja timati destilada. Mapaketi musamawapanikize, nthunzi izidutsa pakati. Zokulunga muzizipatsa mphindi 30 pa 121, ndipo zikatuluka zonyowa musaziike m'kabati." Zimenezi bwana wake akanatha kunena pa mphindi ziwiri zokha.

Kuyambira pamenepo miyezi isanu yatha, tepi imatuluka ndi mizere yakuda bii tsiku lililonse. Magetsi akathima pakati mumayambiranso, palibe kuchitira mwina. Mukamagula, itanitsiranitu labala wina wosungira. Wanga uja bambo aja anandilipiritsa, pamodzi ndi ya chapa ya mnyamata, kupita ndi kubwera.