Mabushi atsopano a subframe pa BMW E46: mmene akhalira patatha pafupifupi chaka

Galimoto yanga ndi BMW 330Ci ya mtundu wa E46, yopangidwa mu 2002, ndipo patha pafupifupi chaka chisinthireni mabushi anayi, timapilo tomeza kugunda pakati pa zitsulo, amene amagwira subframe yakumbuyo ku thupi la galimoto. Ndinadikira dala kuti dzinja lonse lidutse ndisanalembe, popeza mu Lilongwe muno chinthu cha kunsi kwa galimoto chimayesedwa ndi maenje a nthawi ya mvula, osati ndi ulendo woyamba wochokera ku galaja.

Subframe ndi chitsulo chachikulu chimene chimanyamula difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo) pamodzi ndi mikono yogwira matayala akumbuyo. Injini ya M54 ya masilinda asanu ndi limodzi imapotokola ndi mphamvu yofika 300 Nm, ndipo mphamvu yonseyo imathera kumbuyo, kotero kuti nthawi iliyonse mukaponda moto kapena kuuleka, chitsulocho chimafuna kupendekeka ndipo chimene chimachiletsa ndi mabushi aja. Anga anali a labala wa zaka zoposa 20. Ndikasintha giya kuchoka yoyamba kupita yachiwiri, kumbuyo kunkamveka kugunda kwamphamvu, ndipo pa raundabauti galimoto inkayamba yagwedeza kumbuyo isanakhazikike pa njira yake.

Ntchitoyi inagwiridwa pa galaja ina ku Biwi, ndipo si yaing'ono, chifukwa amakaniko anayenera kuchotsa ekizozi, propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku difu), difu ndi zingwe za handibuleki kuti subframe itsike pansi. Bushi imodzi yakumbuyo itatuluka ndinaigwira m'manja: labala anali atasiyana ndi kachitsulo ka pakati moti chala chinkalowa mumng'alumo, ndipo fumbi lofiira linali litaumbana mkati mwake. Ndinasankha mabushi a polyurethane (pulasitiki yonga labala koma yolimbirapo) ofewerapo, a mlingo wa kulimba wa 80A, amene ndinaitanitsa ku Johannesburg. Mabushi atatu a difu ndinaika a labala, ndipo ndikuona kuti chisankho chimenechi ndicho chapangitsa kuti galimoto ikhalebe yopiririka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchiona kukhala chofunika kuposa mabushi enieniwo. Magalimoto a E46 amadziwika kuti chitsulo cha pansi pa thupi, pamene subframe imamangidwa, chimatha kung'aluka, makamaka pa bawuti yakumbuyo kumanzere, ndipo ming'alu yoteroyo sioneka bwino subframe ili pamalo pake. Ndinapempha amakaniko kuti apale malo onse anayi ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiyere, ndipo tinaunika ndi tochi mmodzimmodzi. Panalibe mng'alu. Amene angaupeze awotcherere zitsulo zolimbitsira nthawi yomweyo, ndipo akumbukire kuti thanki ya mafuta ili pafupi ndi malo akutsogolowo. Kuika mabushi olimba pa chitsulo chong'aluka kale n'kufulumizitsa kuwonongeka kwake, popeza bushi yolimba siimeza kugunda monga mmene labala amachitira.

Kugunda kuja kunatheratu ndipo sikunabwererenso. Pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, pamene pali zitunda ndi makona, kumbuyo kwa galimoto tsopano kumatsata chiwongolero mosazengereza, ndipo ndikamapitirira thiraki sindimvanso kugwedezeka kumene kunkabwera ndikatsitsa giya. Patatha masabata ochepa ndinabwerera ku galaja kukaonetsa mabawuti, ndipo anali olimba. Mvula itatha tinaikwezanso galimoto: mabushi sanang'aluke, sanaphwatalale, ndiponso salira. Matayala akumbuyo akutha mofanana mbali zonse, ngakhale kuti pamenepa ndithokoze alayinimenti imene inachitidwa ntchito itangotha, imene munthu sayenera kuidumpha subframe ikatsitsidwa.

Zovuta zake nazo zilipo, ndipo sizinachepe ndi nthawi monga ena amanenera. Liwiro likafika cha m'ma 80 mpaka 100 km pa ola, kulira kwa difu kumamveka m'kati, pang'ono koma mosalekeza, makamaka wailesi ikakhala yozima. Pa mahampu ndi m'misewu yafumbi ya ku Area 25 imene madzi anaikumba, kugunda kumafika pa mpando mwachindunji. Mayi a kunyumba, amene poyamba sankadandaula za galimotoyi, tsopano amakonda kuti ku maliro ndi ku maukwati a kumudzi tizipita pa galimoto ina, ndipo sindingawatsutse.

Kwa munthu amene galimoto yotereyi ndiyo yake yokhayo, yopitira ku ntchito ku City Centre ndi kukatenga ana kusukulu, ndikanamulangiza kuika mabushi a labala abwino, chifukwa labala watsopano amathetsa kugundako ndithu ndipo amakhala zaka zambiri. Polyurethane ndi wa munthu amene amaiyendetsa pofuna kusangalala nayo pa tala wabwino, ndipo olimba kwambiri, a mlingo wa 95A, sindikuona malo ake m'misewu yathuyi.

Kulimba kwa subframe kwaonetsanso poyera chofooka china chimene chinkabisika. Ndikaponda buleki mwamphamvu pa msewu wosasalala, kumbuyo kumasuntha pang'ono cham'mbali, ndipo amakaniko apeza kuti mabushi a mikono yaikulu yogwira matayala akumbuyo nawonso atha. Amenewo ndiika a labala mvula isanayambe.