De'Longhi, Philips ndi Jura: ndani amathira khofi wokwanira mu kapu?

Makina a espresso odzichitira zonse, aja mumangothira njere pamwamba n'kudina batani, amabisa chinthu chomwe chimalamulira kukoma kwa kapu yonse: magalamu a khofi amene agayidwa. Pabokosi amalemba ndi zilembo zikuluzikulu za pampu ya 15 bar ndi mitundu ya zakumwa zomwe makinawo amapanga, koma za magalamu mumachita kufunafuna. Chikhalirecho, ambiri odandaula kuti khofi wawo akutuluka wosukuluka vuto lawo lagona pomwepa.

Tiyambe ndi muyeso. Ku Italy, bungwe la Istituto Nazionale Espresso Italiano linakhazikitsa kuti espresso ndi magalamu 7 a khofi otulutsa mamililita 25 m'masekondi pafupifupi 25. Malo omwera khofi amakono, monga a ku London kapena Cape Town, amakonda kuika magalamu 18 n'kutulutsa chakumwa cholemera magalamu 36. Ngati lilime lanu linazolowera khofi wa m'malo oterewa, dziwiranitu kuti pa makina atatu amene ndikuyerekeza pano palibe amene amafika magalamu 18 pa ulendo umodzi. Funso ndi lakuti ndi ati amayandikirako, nanga amakupatsani ufulu wotani wosintha.

Onse atatu alibe sikelo m'kati. Chimene amawerenga ndi nthawi kapena kuzungulira kwa chigayo. Mukasankha chizindikiro cha njere zitatu m'malo mwa imodzi, simunauze makinawo magalamu ayi, mwangowauza kuti agaye nthawi yotalikirapo. N'chimodzimodzi ku chigayo cha chimanga: sefa ikakhala yamabowo ang'ono, ufa umatuluka pang'onopang'ono. Choncho mukatembenuza chigayo kuti ufa usalale kwambiri osakweza mphamvu, magalamu amatsika mwakachetechete. Njere nazo zimasiyana. Zokazinga pang'ono n'zolimba ndi zolemera, zokazinga mpaka kuda n'zopepuka ndiponso zamafuta, moti zimamatirira m'mbali osatsetserekera m'chigayo bwinobwino. Batani lomwelo, paketi ina ya khofi, magalamu ena.

Philips ndiye amene anayesa kuthana ndi vutoli mwanzeru. Makina ake a 2200, 3200 ndi 5400 ndi adzukulu a Saeco, kampani ya ku Italy imene inatulutsa makina otere a panyumba mu 1985, ndipo Philips anaigula mu 2009. Kabokosi kofululira khofi, kamene m'mabuku a makinawa amakatcha brew group, kakamapanikiza ufa, makinawo amamva mmene injini yake yalemedwera. Ikalemedwa kwambiri, ulendo wotsatira amagaya wochepa, ikapepukidwa, amawonjezera. N'chifukwa chake makina atsopano kapena njere zatsopano zimatulutsa makapu angapo oyamba amadzimadzi, kenako zinthu n'kukhazikika. Anthu ena amabweza makina kusitolo nthawi imeneyi, pomwe akanangodekha.

Nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake. Makinawo amateteza kabokosi kawo kuposa mmene amamverera inu, ndipo kabokosiko n'kakang'ono. Gaggia, imene inalowa m'manja mwa Saeco mu 1999 ndipo imagwiritsa ntchito kabokosi ka m'banja lomweli, imalemba kuti makina ake a Anima amasintha kuchoka pa magalamu 6.5 kufika 11.5. Apo ndiye padenga. Pa 2200 ndi 3200 muli ndi masitepe atatu a mphamvu, pa 5400 asanu, chigayo cha seramiki cha masitepe 12. Chimene ndimawayamikira n'chakuti mukapempha makapu awiri amagaya kawiri, ndiye kapu iliyonse imalandira gawo lake lonse. 5400 ili ndi ExtraShot, yowonjezera khofi wina mu kapu yomweyo. Kwa womwa cappuccino m'mawa uliwonse, amene amafuna chamkaka chosavuta kutsuka ngati LatteGo, zimenezi n'zokwanira. Kwa wofuna espresso yakuda, yolemera pakamwa, Philips amaperewera, ndipo palibe batani lomwe lingakulitse kabokosi.

De'Longhi wa ku Treviso amayenda njira yosavuta kumvetsa. Pa Magnifica S, yomwe nambala yake ndi ECAM 22.110, pali kachitsulo kozungulira pakati: mukatembenuzira kumanja chigayo chimalira nthawi yaitali, kumanzere chimafulumira kutha. Mumachita kumva ndi khutu kuti khofi wawonjezeka. Makinawo sakuganizirani, ndipo kwa ine uwu ndi ubwino, chifukwa mukasintha chinthu chimodzi mumadziwa chimene chasintha kukoma. Chigayo chake n'chachitsulo, cha masitepe 13, ndipo buku lake limanena momveka kuti muzitembenuza chikuzungulira, sitepe imodzi pa nthawi, n'kudikira makapu osachepera awiri musanaweruze. Ufa wakale umatsalira m'njira, ndiye kapu yoyamba mutasintha imakunamizani.

Pamene De'Longhi amapambana Philips ndi pa kukula kwa kabokosi, ndipo pali kachinyengo kodziwika bwino. Batani la makapu awiri limagaya kamodzi kokha, koma khofi wochuluka. Ikani kapu imodzi pansi pa timipopi tonse tiwiri, chepetsani madzi, dinani batani la makapu awiri: mwapeza espresso yamphamvu kuposa iliyonse yomwe batani la kapu imodzi lingatulutse. Pa Magnifica Evo ndi Dinamica zina anaika batani la Doppio+, lomwe limadzaza kabokosi n'kunyowetsa ufa nthawi yotalikirapo madzi asanadutse. Mbali yoipa ya kugaya kamodziku imaoneka mukamapangira mlendo: makapu awiri enieni kuchokera pa batani limenelo amagawana ufa wa kabokosi kamodzi, choncho amatuluka ofooka kusiyana ndi kupanga imodziimodzi. Komanso mukaphatikiza ufa wosalala kwambiri ndi mphamvu yomaliza, khofi amayamba kudontha dontho limodzilimodzi kapena makinawo n'kukana kumene. Mukatero bwererani sitepe imodzi pa chigayo, osati pa mphamvu.

Jura, kampani ya ku Niederbuchsiten ku Switzerland yomwe inayamba mu 1931, ndi yokhayo pa atatuwa imene imanyadira poyera magalamu ake. Makina monga E8 ndi Z10 ali ndi kabokosi kosintha kuchoka pa magalamu 5 kufika 16, ndipo masitepe a mphamvu ndi 10. Pa zakumwa zazifupi amakankha madzi modukizadukiza, njira imene amaitcha P.E.P., kuti madziwo achedwe mu ufa. Magalamu 16 otulutsa mamililita 35 kapena 40 ndiye chinthu chapafupi kwambiri ndi espresso ya kumalo omwera khofi chomwe mungapeze podina batani. Koma chenjerani ndi dzina. Makina ang'onoang'ono a ENA amalandira magalamu 6 mpaka 10 basi, kutanthauza kuti mumalipira mtengo wa Jura n'kulandira khofi wofanana kuchuluka ndi wa Philips.

Vuto lina la Jura silikhudza magalamu mwachindunji, koma limafikako. Kabokosi kake sikatuluka. Ka Philips ndi ka De'Longhi mumakasolola, n'kukatsuka pampopi, n'kuona ndi maso ngati ufa ukusefukira m'mbali chifukwa mwachulutsa. Ka Jura mumakatsuka ndi mapiritsi okha, ndipo kakakalamba kapena kuuma mafuta pamafunika mmisiri wodziwa kutsegula. Kwa amene ali ku Johannesburg kapena Manchester si nkhani yaikulu. Kwa amene akutenga makinawo kupita nawo ku Lilongwe kapena Chipata, funsani kaye amene adzawakonze. Ndipo musagule a ku America, a magetsi a 120 V, poti kwathu kuno ndi 230.

Ndiye masitepe 10 a Jura aposa atatu a Philips 3200? Kuchuluka kwa masitepe pakokha n'chabe. Ambiri timathera pa sitepe yomaliza kapena yotsatizana nayo n'kukhazikika pomwepo. Chofunika ndi pamene sitepe yomalizayo yafika. Pa ichi Jura zazikulu zili patsogolo, De'Longhi akutsatira pafupi pa mtengo wochepa kwambiri, Philips ali pambuyo. Ndalama zanga ndingaike pa De'Longhi, pokhapokha mkaka ndiwo ukulamulira m'nyumba.

Kaya muli ndi ati, chida champhamvu kuposa batani la njere ndi kuchuluka kwa madzi. Makina ambiri amabwera atakonzedwa kuti espresso ikhale mamililita 40 kapena kuposa, ndipo khofi wamba 120 kapena kupitirira, onsewo kudutsa mu ufa wa magalamu 8 kapena 9. Madzi otsiriza sabweretsa mphamvu, amangokoka kuwawa. Chepetsani espresso ifike 25 kapena 30. Mukafuna kapu yaikulu, pangani zazifupi ziwiri n'kuthira madzi otentha pamwamba. Siemens anaisandutsa njira yopanga zazifupi ziwiri batani pa makina ake a EQ, n'kuitcha aromaDouble Shot, koma chala chanu chikhoza kuchita zomwezo pa makina alionse.

Kuti mudziwe magalamu enieni a makina anu, sikelo ya kukhitchini yowerenga mpaka 0.1 ya galamu ikukwanira. Tengani timabulunga ta masese tingapo m'kabokosi kotayira, tiyanikeni tiumiretu, kenako yezani. Kumbukirani kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu linasungunukira mu kapu, choncho kabulunga kouma ka magalamu 8 kanachokera pa ufa wa magalamu pafupifupi 10. Maonekedwe ake amanenanso zambiri: kolimba, kotuluka kathunthu, ndiye kuti ufa unakwana, phala lamadzimadzi limasonyeza kuti ufa unachepa kapena unali wamiseremisere. Mukasintha njere, tinene kuchoka pa paketi yakuda ya ku Italy kupita pa Mzuzu Coffee wokazinga pakatikati, yezaninso, ndipo ngati muli ndi Philips mupatseni makapu angapo kaye musanayeze.