Yamaha F310 patatha zaka ziwiri ili m'nyumba mwanga ku Chilenje

Ndinagula gitala iyi mu Malichi 2023 pa sitolo ina ya zoimbira m'tauni, chakufupi ndi Cairo Road ku Lusaka, ndipo ndinachita dala kusalemba kanthu mpaka itaona dzinja kawiri, chisanu kawiri ndi dzuwa la Okutobala kawiri. Gitala yatsopano iliyonse imakoma m'maso sabata loyamba. Ine ndinkafuna kuona mmene ikhalire ikamagona m'nyumba ya malata, mmene fumbi limalowa ngakhale mawindo atatsekedwa.

Ndine bambo wa zaka 44, kwathu ndi ku Katete, ndipo ndimaimba besi mu kwaya ya mpingo wathu. Aka sikanali koyamba kuyesa gitala. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinagulapo ina yopanda dzina pamsika, yonyezimira bwino, koma nsambo zake zinali patali ndi khosi moti chala chinkakwana kunsi kwake. Ndinalimbana nayo miyezi itatu zala zikuchita matuza, kenako ndinaikoleka pakhoma nditakhulupirira kuti manja anga anauma kale ndipo sangaphunzirenso. Ndemanga iyi ndikulembera makamaka anthu a msinkhu wanga amene anasiya pa chifukwa chomwecho. Chimene chinkandipweteka ndi mtunda wa pakati pa nsambo ndi mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, ndipo mtunda umenewo umakonzeka, makamaka ngati m'khosi la gitala muli chitsulo chowongolera chija amachitcha truss rod. F310 ili nacho.

Thupi lake ndi lalikulu, la mtundu wa dreadnought. Thabwa la pamwamba ndi la spruce, koma ndi timatabwa topyapyala tomata pamodzi osati thabwa limodzi lathunthu, ndipo mtengo wake ndi wotsika chifukwa cha chimenecho. Mafureti ndi 20, khosi limalowa m'thupi pa fureti ya 14. Kutalika kwa nsambo kuchokera pa nati (potsamira nsambo kumutu) kufika pa sadulo (potsamira nsambo kumunsi) ndi mamilimita 634, pamene magitala ambiri a thupi lotere ali ndi pafupifupi 650. Pa pepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma m'dzanja kumamveka: mafureti amayandikana pang'ono ndipo nsambo sizikungika kwambiri. Kwa ine, amene chala chakanise chimavuta kutambasuka, zimenezi zinathandiza pa kodi (kagwiridwe ka nsambo zingapo zolira pamodzi) ya G ya zala zinayi. Khosi pa nati ndi lotambalala mamilimita 43, ndiye wa zala zonenepa ayenera kudula zikhadabo za kumanzere mpaka pansi kuti asamagunde nsambo yoyandikana nayo.

Chinthu chimene ndimauza aliyense ndi ichi: mukaigula musathamangire nayo kunyumba, pitani nayo kaye kwa mmisiri wokonza magitala. Yanga inali itakhala nthawi ili chipachikire m'sitolo, ndipo matabwa amene achokera kutali amasintha akafika ku mphepo youma ya kuno. Mnzanga wa mu kwaya ananditengera kwa mdala wina ku Kabwata amene amakonzera kuseri kwa nyumba yake. Anaigoneka pa tebulo, n'kutsina nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi pa ya 14, n'kusuzumira kampata kotsala pakatipo. Kenako anaika karula kachitsulo pa fureti ya 12. Nsambo yaikulu inali pafupifupi mamilimita anayi kuchokera pa fureti.

“Achikulire, apa mukadavutika pachabe,” anatero. “Tiitsitsa mpaka awiri ndi theka, zala zanu zipume.”

Analowetsa sipanala ya Allen m'chibowo cha pamimba n'kupotokola chitsulo cha m'khosi pang'ono chabe, osafika ngakhale kota, ndipo anandiuza kuti tidikire chifukwa thabwa limamva mochedwa. Titamwa tiyi anayezanso. Atatero anazula sadulo, kapulasitiki koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumunsi, n'kukakhutiza kunsi kwake pa sandipepala atayala pa galasi kuti kakhale kosalala mofanana. Anandifotokozera kuti kuti nsambo itsike milimita imodzi pa fureti ya 12, sadulo iyenera kutsika mamilimita awiri, chifukwa fureti ya 12 ndi pakati penipeni pa nsambo. Ntchito yonse sinakwane maola awiri. Nditaigwiranso ndinaliza kodi ya C, nsambo zonse zisanu zinamveka bwinobwino popanda kufinya mpaka mkono kunjenjemera. Ndinakhala chete pamenepo ndikukumbukira miyezi itatu ija.

Mdala yemweyo anandilangiza za nsambo. Zambiri zimene anthu amaika pa magitala otere ndi za saizi 12 mpaka 53 (manambala akakula, nsambo zimakhala zonenepa), ndipo zonse zisanu ndi imodzi zikachunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, pafupifupi matumba atatu a ufa wa bulekifasi a makilogalamu 25. Chaka choyamba ndinagwiritsa ntchito za 10 mpaka 47, D'Addario EJ15. Mawu amachepa pang'ono, besi imapepuka, koma munthu amatha kuimba theka la ola osapumira. Nsonga za zala zitalimba ngati za munthu wa khasu ndinakwera pa za 11 mpaka 52, ndipo ndakhazikika pamenepo. Kamodzi kokha ndinagula nsambo zotchipa pa kasitolo kena ka pamsika, m'paketi yooneka ngati yeniyeni. Ya G inaduka ndikuchuna tsiku lomwelo, zotsalazo zinachita dzimbiri sabata zitatu zisanathe. Sindinabwerereko. Panopa ndimapukuta nsambo ndi kansalu kouma ndikatha kuimba, makamaka mu Okutobala thukuta likachuluka, ndipo zimandifikitsa miyezi itatu kapena inayi.

Za nyengo, apa ndi pamene gitala iyi yandikhutiritsa kwambiri. Matabwa a gitala amafuna mpweya wa chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mpweya umauma kupyola apo. Thabwa lathunthu limatha kung'aluka pa nthawi imeneyi, ndipo ndinaonapo gitala yodula ya mnyamata wina wa ku mpingo itang'ambika kuchokera pa buriji, kathabwa ka pamimba pamene nsambo zimamangidwa, kutsika. Thabwa lomatiza la F310 silinasonyeze mng'alu ngakhale umodzi. Chimene ndinaona mu Seputembala wa chaka choyamba ndi nsonga za mafureti kuyamba kukanda dzanja m'mphepete mwa khosi, chifukwa thabwa limafota koma chitsulo sichifota. Mvula itabwera mu Novembala zinabwerera zokha. Tsopano m'chilimwe ndimaisunga m'chikwama chake pansi pa bedi, kutali ndi windo, ndi kasiponji konyowa pang'ono m'kabotolo kapulasitiki kobowola mabowo. Osaisiya m'galimoto yoimika padzuwa, guluu wa pa buriji amafewa ndi kutentha.

Mawu ake ndi owala, akuthwa pang'ono ku nsambo zazing'ono, ndipo ukamenya ndi piki, kapulasitiki komenyera nsambo, imadzaza chipinda. Pa mapemphero a m'nyumba a anthu khumi ndi asanu imamveka bwino popanda chokuzira mawu. Koma ine chimene ndinaigulira ndi china. Malume anga anagwirapo ntchito ku migodi ku Mufulira, ndipo akabwera kumudzi pa tchuthi ankaimba ndi zala ziwiri zokha za kumanja, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo za besi, chamkombaphala chikutola nyimbo pa nsambo zazing'ono. Kaimbidwe kameneka kanafala ku Copperbelt ndi ku Katanga m'ma 1950, ndipo Jean Bosco Mwenda, amene Hugh Tracey anamujambula mu 1952, ndiye wodziwika nako kwambiri. Ndili mwana ndinkaganiza kuti malume ali ndi munthu wina wobisala amene akuwathandiza besi.

Pa F310 kaimbidwe aka kamatheka bwino gitala ikatsitsidwa monga ndafotokozera. Nsambo za besi sizimiza zazing'ono, choncho mbali ziwirizo zimamveka payokhapayokha. Ndinayamba ndi chala chachikulu chokha, kwa mwezi wathunthu: pa C kusinthasintha nsambo yachisanu ndi yachinayi, pa G yachisanu ndi chimodzi ndi yachinayi, mpaka chinkayenda chokha ine ndikucheza ndi amake ana. Nditawonjezera chamkombaphala zonse zinasokonekera kwa sabata ziwiri, kenako madzulo ena zinangogwirana. Kugunda kwa kalindula, kumene kumayenda patatupatatu, ndikukulimbirabe, chifukwa dzanja limafuna kubwerera ku kuwerenga kanayi kwa nyimbo za m'buku.

Kapo, kachitsulo kopanira nsambo zonse pa fureti imodzi kuti mawu akwere, ndinagula payokha ndipo ndikanadziwa ndikanagula tsiku loyamba. Nyimbo zambiri za kwaya yathu zili mu F kapena E flat, makiyi amene amafuna kodi ya bala, kugoneka chala chimodzi pa nsambo zonse. Ndikaika kapo pa fureti yachitatu n'kugwira D, G ndi A, zimatuluka F, B flat ndi C. Pa fureti yoyamba, kagwiridwe komweko kamapereka E flat. Mayi amene amatsogolera kwaya atamva koyamba anandifunsa, “Abambo, mwaphunzira liti F?” ndipo ndinawaonetsa kachitsuloko. Malume ankachita zomwezo ndi pensulo ndi mphira wa chubu cha njinga. Kodi ya F yeniyeni ndinadzaigwira patatha miyezi isanu ndi itatu, nditazindikira kuti chala chiyenera kugona chammbali, kumene kuli fupa, komanso pafupi kwambiri ndi fureti. Dziwani kuti kapo ikafinya kwambiri imakweza mawu pang'ono, ndiye chunaninso mukaiika.

Zochunira zake zimagwira. Ndimachuna E A D G B E ndi kachuna kopanira kumutu, ndipo nsambo zikakhazikika ndimatha masiku awiri kapena atatu ndikungokhudza ya G ndi ya B basi. Mawu a pa fureti ya 12 amagwirizana ndi a nsambo yosatsina, chinthu chimene gitala yanga yakale ija inalibe.

Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala ndipo magetsi akuzima nthawi yaitali, anyamata a magitala a magetsi ku mpingo ankangokhala. Ine ndi pamene ndinaphunzira nyimbo zambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Foni ikakhala ndi moto ndinkamvera nyimbo pa YouTube nditachepetsa liwiro kufika pa 0.75, n'kufufuza kaye noti ya besi pa nsambo ziwiri zazikulu, chifukwa besi ikapezeka kodi imadziulula yokha. Nyimbo zathu zambiri zimazungulira pa makodi atatu, yoyamba, yachinayi ndi yachisanu, monga C, F ndi G. Foni ikazima ndinkapitiriza mumdima pakhonde, ndipo mdimawo unandiletsa chizolowezi choyang'ana zala.

Pali zimene gitala iyi sinapangidwire. Ilibe pikapu, kachipangizo kotumiza mawu ku chokuzira mawu, ndiye m'tchalitchi chachikulu muyenera kuiikira maikolofoni patsogolo, kapena kufunsa FX310A, imene ndi mbale wake wolumikiza ku amplifaya. Thupi lake silinadulidwe pamapewa, choncho kupyola fureti ya 14 dzanja limafika movutikira, ngakhale kuti ine kumeneko sindipitako kawirikawiri. Mwana wa mlongo wanga wa zaka khumi akaikumbatira mkono sufika bwino pa nsambo, ndiye kwa ana fufuzani yaing'ono. Ndinayesapo FG800 ya mnzanga, ya thabwa lathunthu pamwamba, ndipo mawu ake ndi akuya komanso amakhalitsa m'mwamba. Kusiyanako n'koona. Koma iyeyo amaidera nkhawa chilimwe chilichonse, pamene yanga ndakwera nayo minibasi kupita ku maliro ku Matero ndi ku ukwati ku Chongwe, yagundidwa pa chitseko kangapo, ndipo chimene chaoneka ndi timikwingwirima tiwiri kumbuyo.

Mtengo umayenda ndi dola, ndiye funsani m'masitolo awiri kapena atatu ndipo muwerengere pamwamba ndalama ya mmisiri, nsambo zopepuka, kapo ndi chikwama. Muli m'sitolomo yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mmene mmisiri wa matabwa amayang'anira thabwa, lisakhale lopotoka. Yesani kulowetsa kapepala kunsi kwa buriji, kasalowe. Tsinani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse mumve ngati pali pamene ikulira ngati njuchi. Wogulitsa wanga anadikira moleza mtima ndikuchita zonsezi pa magitala atatu, ndipo ndinatenga yachiwiri.