Ulendo wa a Romanov ku Yekaterinburg: wabwino ndithu, koma umadumpha malo ofunika

Nyenyezi zitatu mwa zisanu kwa ulendo wolipira wokaonetsa alendo malo amene banja la Romanov, la mfumu yomaliza ya Russia, linaphedwera ndi kukwiriridwa. Galimoto ndi yaukhondo, nthawi amasunga, ndipo woperekeza alendo amalankhula Chingelezi chomveka. Vuto lili pa njira imene amadzera.

Amayambira ku Church on the Blood, tchalitchi chomangidwa pamene panali nyumba ya Ipatiev. Nyumbayo inagwetsedwa mu 1977, choncho musayembekezere kuona chipinda chenicheni chimene Mfumu Nicholas II, mkazi wake Alexandra, ana awo asanu, dokotala wawo ndi antchito atatu anaphedweramo usiku wa pa 16 kuchera pa 17 Julaye 1918. Mphindi 40 zikukwanani pamenepa.

Kuchoka apo amapita ku Ganina Yama, makilomita pafupifupi 15 kumpoto, pa dzenje la mgodi wakale pomwe mitembo inatayidwa poyamba. Pali matchalitchi asanu ndi awiri a mitengo, chimodzi cha munthu aliyense wa m'banjamo. Amayi avale mpango kumutu ndi siketi yaitali. Mukaiwala amabwereketsa pachipata. M'nyengo yotentha udzudzu wa m'nkhalangomo ndi wosasewera nawo, tengani mankhwala odzola. Masiku a pa 16 ndi 17 Julaye apeweni, chifukwa khwimbi la opemphera limayenda wapansi usiku kuchokera m'tauni mpaka kumeneko.

Ulendo umathera pomwepo, ndipo apa ndiye pondidandaulitsa. Mitembo sinakhalitse ku Ganina Yama. Dzenjelo linali losazama, anthu a Yakov Yurovsky, amene anatsogolera kuphako, anaivuulanso, koma lole yawo inatitimira m'matope pa Porosenkov Log, makilomita ochepa chabe kuchokera pamenepo. Anakumba pamsewu pompo, n'kukwirira anthu asanu ndi anayi atawathira asidi, pamwamba n'kuyalapo mitanda ya njanji. Alexei, mwana wamwamuna wa mfumuyo, ndi mlongo wake mmodzi anawaotcha n'kuwakwirira padera. N'chifukwa chake pofukula mu 1991 panapezeka mafupa a anthu 9 m'malo mwa 11, mphekesera zoti wina anapulumuka n'kuyambiranso. Manda achiwiriwo anapezeka mu 2007, mamita pafupifupi 70 kuchokera pa oyamba, ndipo DNA inatsimikiza kuti ndi a ana awiri aja. Munthu akaima pakati pa manda awiriwo n'kuona kuyandikana kwake, funso loti kaya Anastasia, mwana wamkazi womaliza wa mfumuyo, anapulumuka limatha lokha.

Woperekeza nayenso amakonda kuisiya nkhaniyi m'malere kuti ikome. Amatchula Anna Anderson, mayi amene anavuulidwa mu ngalande ku Berlin mu 1920 n'kumadzitcha Anastasia mpaka imfa yake mu 1984, koma osanena mathero ake. Mu 1994 anapima kachidutswa ka matumbo ake kamene kanasungidwa kuchipatala ku Charlottesville ku America. Sikanagwirizane ndi magazi a Prince Philip wa ku Britain, wachibale wa Alexandra kuchikazi, koma kanasonyeza kuti Anna kwenikweni anali Franziska Schanzkowska, mayi wa ku Poland yemwe ankagwira ntchito m'fakitale.

Musanalipire, auzeni alembe kuti Porosenkov Log ili pa ndondomeko, ndipo muvale nsapato zopirira matope. Ofuna kuona manda enieni apite ku St Petersburg, ku tchalitchi cha Peter and Paul, kumene anthu asanu ndi anayi aja anaikidwa pa 17 Julaye 1998.