Mphunzitsi ndi katswiri, koma anthu a support andipsetsa mtima

Nyenyezi zitatu basi, ndipo pakanapanda mphunzitsi yekhayo ndikanapereka imodzi. Ndinalembetsa kosi ya pa intaneti ija yopeka nyimbo pa gitala, phukusi lalikulu lija limene amati ukatumiza nyimbo yako amaiunika n'kukuyankha. Makodi, aja umagwira nsambo zingapo za gitala kuti zilire pamodzi, ndinkawadziwa kale, chimene ndinkafuna ndi kamangidwe ka nyimbo, kuti vesi ithere pati, kolasi ilowe liti, komanso bridge, kagawo kaja kosiyana ndi vesi ndi kolasi, ntchito yake ndi yotani.

Mavidiyo oyambirira ali bwino, amakuyambitsa ndi blues ya ma bar 12 (bar ndi kachigawo koyezera kutalika kwa nyimbo) mu A, makodi atatu okha A, D ndi E, kenako kamangidwe ka AABA (magawo anayi, atatu ofanana, lachitatu losiyana) ka ma bar 32, gawo lililonse ma bar 8. Zonsezi zinayenda bwinobwino.

Vuto linayamba nditafika pa phunziro la bridge, lomwe ndi limene ndinalipilira ndalama yonse ija. Ndikudina, akuti latsekedwa. Ndinalembera a support, aja othandiza makasitomala, yankho n'kukhala la makina lija loti tikuyankhani posachedwa, kenako zii. Nditalembanso anandiyankha munthu wina amene ngakhale dzina sanalembe, eti mwina simunamalize kulipira. Ndinatumiza risiti. Anandifunsanso risiti yomweyo. Ndinatumizanso, pamodzi ndi screenshot yoonetsa tsiku ndi phukusi lomwe ndinagula, ndiye mukudziwa anati chani? Akuti ngati mukufuna phunziro limeneli pangani upgrade. Upgrade ya chiyani pomwe ndili kale pa phukusi lapamwamba kwambiri, pamwamba pake palibenso china! Apa ndiye mtima unanyamuka ndithu chifukwa zinaonekeratu kuti munthuyo sankawerenga n'komwe zomwe ndikulemba, amangokopera mayankho okonzeratu, ndipo pamene analitsegula phunzirolo sanapepese ngakhale pang'ono, anangolemba kuti zatheka. Munthu walipira ndalama yake, mwamuzunguza masabata, mawu amodzi oti pepani akukukanikani?

Ndinali nditatsimikiza kale zofuna ndalama yanga ibwerere pomwe yankho la mphunzitsi pa nyimbo yanga linafika, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo. Bambo ameneyu anamveradi nyimboyo mpaka kumapeto, anajambula vidiyo gitala ili m'manja. Nyimboyo inali pa G, D, Em, C kuyambira koyamba mpaka kothera, ndiye iwo anati makodiwo alibe vuto, nyimbo zambirimbiri zimayenda momwemo, koma womvera sakudziwa kuti kolasi yafika chifukwa vesi ndi kolasi zonse zikuyambira pa G, kamenyedwe ka nsambo n'kofanana, mawunso ali pa msinkhu umodzi. Anandionetsa kuti pa vesi ndizigunditsa chikhatho pa nsambo pafupi ndi pomwe zimamangidwira kuti phokoso likhale lotsika, vesiyo ndiidule kuchoka pa ma bar 16 kufika 8, ndiyime pa D kwa ma bar awiri kolasi isanalowe kuti khutu lidikire, kenako kolasi ndiyambire pa C nsambo zikulira momasuka chikhatho nditachotsapo, mawu n'kukwera. Nditayesa thupi linachita tsemwe, nyimbo yomweyo koma kolasi tsopano imachita kumveka kuti yalowa.

Za bridge anafotokoza mwachidule kuti ibwere kamodzi kokha pambuyo pa kolasi yachiwiri, iyambire pa kodi yomwe sinatsegulepo gawo lina, monga Em, ndipo mawu ake anene chinthu chimene mavesi sananene. Anawonjezanso kuti si nyimbo iliyonse imafuna bridge, ina ukaikakamiza imangotalika pachabe. Zimenezi zinandithandiza kuposa vidiyo yomwe ndinalimbanirana nawo ija, imene kunena zoona ndi yaifupi ndipo kamera ili kutali zala sizioneka bwino.

Ndiye kosiyo sindikuinyoza, ngati makodi mumawadziwa kale koma nyimbo zanu zimangozungulira pamodzimodzi mupindula nayo. Koma sungani risiti ndi screenshot iliyonse, ndipo eni ake mukawerenga izi, anthu anu a support aja aphunzitseni kuwerenga uthenga wa kasitomala asanayankhe. Mpaka pano funso langa la masabata omwe ndinataya phunziro lili lotseka, ngati muwonjezera pa nthawi yanga, palibe wandiyankha.